Matayala a Digiri

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Yafika. Pa lole ya simenti kuchokera ku Limbe, yokutidwa m'makatoni ngati firiji. Njinga yamoto ya matayala anayi, yofiira, yotchipa kuposa zonse zimene zinali m'sitolomo. Dzina lake ngakhale wogulitsa analephera kulitchula.

Mudzi wonse pabwalo pathu. Anthu amene sanaoneke pa maliro a mayi anga lero njira ayidziwa. Atumani, mwini abulu, wayizungulira kawiri n'kufunsa mokweza: "Ndiye digiri ija ndi imeneyi, a Zubair? Yachedwa, koma yabwera ndi miyendo." Aseka onse, ndi opanda mano omwe. Pofika madzulo aliyense akuyitchula Digiri. Aseke. Zaka zitatu za fizikisi ku yunivesite sizinalowe m'madzi, ngakhale chachinayi sindinachione.

Kuchokera padoko kukafika pamsewu ndi mchenga wokhawokha, wozama. Galimoto silowa, a kabaza amagwa. Usipa umadikira abulu a Atumani, amene amayenda ngati akupita kukapepesa mlandu. Che Safia, wapampando wa amayi ogula nsomba, ati Loweruka pa 18 ndikaonetse: madengu khumi afike pamsewu lole ya m'mawa isananyamuke. Ndikatha, ntchito yonse ndi yanga. Ndikalephera, ndalama za zaka zisanu zophunzitsa ana a eni ake masamu ndagulira chidole.

Ababa anga, Che Jaffalie, sanaseke. Zaka makumi anayi akukonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango. Angodina tayala ndi chala chachikulu, n'kulowa m'nyumba.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tsiku lonse ndi sipanala. Mabawuti anamangidwa ndi munthu amene amathamangira nkhomaliro. Oilo wobwera nayo ngati madzi otsukira mpunga. Ndakhuthula, ndathira wina. Tcheni cholendewera ngati mkanda; ndachikunga, ndasiya mpata wa chala chimodzi. Buleki yakumbuyo imagwira ikafuna.

Buku lake lili m'Chingerezi chimene chinachita ngozi panjira. Koma pa matayala lanena zomveka: mpweya ukhale pa 4. Osati 30 ngati njinga za kabaza. Tayala lofewa limaphwathalala n'kuyenda pamwamba pa mchenga. Lolimba limakumba dzenje n'kudzikwirira. M'katoni munali kageji koyezera mpweya, konga cholembera. Ndaphwetsa onse mpaka pa 4. Ndakayesa kudoko. Mchenga ngati tala! Mphepo m'makutu. Ndinatsala pang'ono kumwetulira pagulu.

Abudu, makaniko wa a kabaza, kundikuwira: "Achimwene, onse anayi aponcha!" Munthu woyeza oilo ndi lilime sindingakambirane naye fizikisi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Manyazi. Kungolowa mumchenga, yayamba kudumpha ngati mbuzi yoona mpeni pa Idi, kenaka yadzikumbira manda. Amayi anayi ndiwo andikankha. Mmodzi amvekere: "Musayisokoneze, Digiri yakhala pansi, ikulemba mayeso."

Geji yathawira kumapeto. Matayala gwa! Ndaphwetsa ndi kamtengo ka machesi. Mwina ndi dzuwa la Okutobala, poti mpweya ukatentha umafufuma. Koma osati chonchi. Mayeso a lamulo limenelo ndinakhoza bwino.

Loweruka, 11 Okutobala

Dzulo gwa. Lero gwa. Ndimagona ali pa 4, ndimadzuka ali ngati ng'oma.

Ndamulondola Atumani kukamufunsa ngati ndiye akupopa usiku. Wandiyang'ana, wayang'ana abulu ake ngati akuwapempha umboni. "Wallahi, a Zubair, mdani amaphwetsa. Munamvapo mdani wobwera ndi pampu?" Chowawa n'chakuti chitsirucho chanena zoona.

Abudu akuti ndi majini, katundu wotchipa amabwera ndi eni ake. Nkhani yafika kale ku Nkope. Munthu wina wapalasa njinga ulendo wonsewo kudzafunsa ngati matayala odzipopa okha alipo a saizi yake. Dziko lino! Ndiye ati wolephera sukulu ndine.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Fyuluta yodzaza mchenga, ndatsuka. Girizi paliponse. Kangolo kokoka madengu ndamangirira, kakutsatira bwino. Zonse zili m'malo kupatula mpweya.

Madzulo ano ndawaza phulusa pakhonde kuzungulira Digiri. Inenso ndayamba kuyitchula choncho. Ndatha ine. Kaya jini kaya munthu, asiye phazi.

Lachitatu, 15 Okutobala

Phazi lilipo. Patapata wakumanzere, chidendene chomatidwa chigamba cha chubu. Pambali pake pamene panakhala pampu.

Chigamba chimenecho ndimachiona tsiku lililonse pakhomo pathu.

Ndasesa phulusa. Ndaphwetsa.

Lachisanu, 17 Okutobala

Kawiri ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze Ababa za mpweya, kawiri ndafunsa za mvula. Ine amene ndinatsutsa pulofesa pamaso pa kalasi yonse.

Nzeru ndi iyi: mawa apope mmene akufunira, ine ndikaphwetsa kuseri kwa mabango popita kudoko. Palibe adzadziwe. Machesi ali kale m'thumba.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndinawapeza. Kutangocha, atachokera ku mzikiti, atagwada pa tayala lachitatu, pampu yawo yakale ikulira fii, fii. Thukuta kamukamu. Sanadzidzimuke n'komwe. "Anthu amakuseka, mwanawe. Ati mwana wa fundi wa njinga, ngakhale kupopa sadziwa." Anapopanso kangapo. "Fizi ya chaka chomaliza inandikanika. Mpweya sungandikanike."

Buku linali m'manja mwanga, chala chili pa tsamba la matayala. Ndinalitseka.

Kenaka anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, ati lero akwera nawo. Tinadzera m'mphepete mwa madzi, pamene mchenga ndi wonyowa. Pamabango tinadutsa ali kumbuyo kwanga, atandigwira m'chiuno.

Padoko anthu ngati pamsonkhano. Che Safia ndi madengu ake, Abudu, Atumani ndi abulu amene ati angobwera kudzaonerera. Ababa kutsika, kuyamba kuitana anthu: "Dinani muone! Dinani!" Abudu anadina, n'kugwedeza mutu mwaulemu: "Awa ndiye matayala, Che Jaffalie." Nkhope ya Ababa. Sindinayione choncho chichokereni tsiku limene dzina langa linatuluka m'nyuzi kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite.

Machesi anali m'thumba. Ndigwade pamenepo, doko lonse likuona, nditulutse mpweya wawo, fiii, kanayi?

Ndinaliza injini.

Mayadi makumi awiri. Mwina makumi atatu, ndisadzichepetse. Inadumpha, inakumba, inakhala. Dengu limodzi pansi, nkhuku za mudzi wonse pa phwando. Abulu anatenga usipa choyamba, n'kubwerera kudzazula Digiri. Atumani anangosisita abulu ake, chipongwe choposa zonse. Che Safia anati: "Pepani a Zubair, nsomba sidikira sayansi." Ntchito yabwerera kwa abulu.

Pobwerera tinayenda pansi, tikukankha. Mkanjo woyera uja uli girizi yekhayekha. Tinafika pamabango. Pamenepo Ababa anaima, anadina tayala lakutsogolo, anaganiza nthawi yaitali ngati dokotala.

"Vuto ndaliona. Mawa ndiwonjezera pang'ono."

Ndawauza kuti andidzutse, ndidzawagwirire paipi.