Chidebe Chasiya Kugeya

Lolemba, 3 Juni

Mawaya wapita lero m'mawa. Akuntchito amutuma kutali, kukalumikiza makina pa fakitale ina. Masabata awiri, mwina kupitirira. Mawaya ndi mwana wanga wotsiriza. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewu uno, ine ndinangolilandira.

Ndikulankhula m'foni yakale imene anaikonza kuti izilemba zomwe ndikunena. Manja anayamba kale kunjenjemera, ndipo sukulu ndinaisiya zilembo zisanandizolowere. Akuti palibe adzawerenge. Ndizilankhula pang'onopang'ono, makinawa angandinamizire.

Wandisiyira ntchito imodzi: chidebe. Chili kukhitchini, pansi pa shelefu ya mawailesi akufa. Mowa wake wa uchi ndi jinja. Pachivundikiro pali kachubu kopindika, muli timadzi. Mpweya ukamatuluka, timadzi tija timati bulu, bulu. Iye amati mowa ukuwira. Ine ndimati chidebe chikugeya. Pambali pa kachubuko anamatapo kadiso kowerenga kugeyako, n'kumatumiza ku foni yake. Ine wosoka nsapato, kubereka munthu woti chidebe chizimuimbira foni. Amayi ake akanaona.

Lamulo ndi limodzi. "Ababa, waya wofiirayu musazule. Ndi wa lamba wotenthetsa chidebe. Kukazizira, yisiti amagona."

Masana waimba Nesi, mchemwali wake wa Mawaya. Safuna ndizikhala ndekha. "Nyumba imeneyo ndi msampha, Ababa. Mawaya a magetsi paliponse, chitseko chotsegula ndi foni, mowa kukhitchini." Agwirizana awiriwo ine ndili pomwepo ngati mpando: masabata awiriwa pakachitika kanthu, ndikusamukira kwa Nesi. Kwa Nesi ndi pamwamba pa nyumba yosanja. Zenera loyang'ana khoma. Palibe wodutsa woti nkumupatsa moni.

Benchi langa lili pakhonde pano. Sindichoka.

Lachiwiri, 4 Juni

Chikugeya bwino. Ndakhala nacho pang'ono nditamwa tiyi. Fungo ngati la buledi wosapsa.

Nyumba ikudziyendetsa yokha. Nyale yapakhonde yazima dzuwa litatuluka. Kampopi kothirira tomato wam'zitini kathirira khoma, monga mwa masiku onse. Mawaya anati adzakonza akabwera.

Atelala apakhomo loyandikana asuzumira pampanda. "Agogo, ndamva akusiyirani khanda. Muzilibereka kumsana, lingalire." Ndawauza kuti khanda langa silinyowetsa matewera. Anandibweretsera nsapato ya amuna awo, chidendene chatha mbali imodzi. Munthu woyenda mopendekeka. Ndiikonza mawa.

Lachinayi, 6 Juni

Ndalakwa.

Dzulo madzulo mapazi anazizira kwambiri. Ndinafuna madzi otentha m'beseni. Soketi ya ketulo ndi yakufa, Mawaya anaitsegula mwezi watha, sanaitseke. Yotsala ndi ya chidebe. Ndinazula waya wofiira uja, ndinati pang'ono chabe, madzi awire, ndibwezere.

Ndabwezera lero m'mawa.

Chidebe chinali chozizira ngati mwala wapamtsinje. Ndachifunditsa bulangete langa. Ndadikira. Chageya kamodzi, kenako zii. Kenanso kamodzi, mofooka, ngati munthu wodwala.

Uchi umenewu Mawaya anausunga nthawi yaitali. Mowa woyamba unawawasa, wachiwiri mabotolo anaphulika m'kabati. Uno anati ndiye weniweni. Koma si mowa wokha. Akaona pafoni kuti chasiya, afunsa. Ndikanena, Nesi amva. Ndikumumva kale: munthu woiwala waya adzaiwala moto.

Sindinadye bwino. Nsapato ya anthu ili pomwepo.

Lachisanu, 7 Juni

Ndapeza njira, mwangozi. Ndimadzuka pampando, ndinatsamira chivundikiro ndi dzanja. Chinageya. Ndinadinanso. Chinageyanso. Kadiso kanaphethira kobiriwira.

Kadiso sikadziwa kuti wageyetsa ndani.

Ndakokera mpando kukhitchini. Ndikudina ndi chala chachikulu, osati mwamphamvu. Mwina yisiti akamva anzake akugwira ntchito adzuka.

Madzulo waimba Mawaya. "Ababa, chidebe chikugeya mwaulemu masiku ano," anatero, n'kuseka. Ndinati ndikuchisamala. Anati, "Ndikuona." Anafunsa ngati ndamwa mankhwala, ngati ndadya. Za waya sanafunse.

Chibadwire chake sindinamunamizepo mwana ameneyu. Lero sindinaname ndi pakamwa. Chala ndicho chanama.

Lamlungu, 9 Juni

Ntchito yolemba munthu, yopanda tchuthi. Ndikadzuka, kudina. Ndikamwa tiyi, kudina. Nkhani zikayamba pa wailesi ndimapuma, ndikatha kudya masana ndimagonako pang'ono, kenako pampando. Phewa likuwawa. Pakhonde sindinakhaleko kuyambira Lachinayi.

Atelala abwera kudzatenga nsapato, andipeza dzanja lili pachidebe. "Agogo, mukuchipempherera?" Ndinati ndikuyesa kutentha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati maso anga alowa m'kati. Nsapato ndawalonjeza Lachiwiri.

Chinthu china chikundidetsa nkhawa. Ndikachotsa chala, chivundikiro chimabwerera, ndipo timadzi tam'kachubu timakokedwa kulowa m'chidebe. Tatsala pang'ono. Ndathiramo apampopi. Kaya n'zololedwa. Wofunsa palibe, poti woyenera kumufunsa ndi yemweyo.

Nesi waimba. Ndalankhula mokweza, mwamphamvu, ndamuseketsa. Anati, "Mukumveka bwino, Ababa." Anamveka ngati wakhumudwa pang'ono. Ayi, ndisamunenere zoipa mwana. Makatani a chipinda chimene wandikonzera kwake anasoka yekha.

Lachiwiri, 11 Juni

Fungo lasintha. Likulasa m'mphuno.

Lero chokha sichinageye ngakhale kamodzi. Ndinasiya dala kudina kuti ndimve. Zii. Ndi ine ndekha tsopano.

Ndaganiza zomuuza. Ndinatenga foni, ndinaibwezera pansi. Mwana ali pantchito ya anthu, pamakina oopsa, ndimusokoneze ndi chidebe? Bodza. Ndikuopa masitepe a kwa Nesi, basi.

Pothira madzi m'kachubu dzanja lanjenjemera, jagi yonse pansi. Ndakolopa. Mawa ndithiranso, ndipeze kafanulo. Mutu ukuzungulira ndikadzuka msanga. Nsapato ija ndasoka theka.

Lolemba, 17 Juni

Ndili pabedi langa. Ndatuluka m'chipatala dzulo. Chiuno sichinathyoke, akuti fupa langong'aluka pang'ono. Foniyi wandiikira pa pilo ndi Mawaya. Wabwera ntchito isanathe.

Ndinene bwinobwino, mwadongosolo.

Lachitatu m'mawa ndinadina monga mwa nthawi zonse. Kenako jagi ija. Madzi pansi, phazi linapita lokha. Ndinagwera pakati pa chidebe ndi sinki. Kudzuka kunakanika. Foni inali kuchipinda, ndinkaimva ikulira, kusiya, kuliranso. Ndinaitana Atelala, koma makina awo osokera anali pa liwiro. Chidebe chili apo, dzanja osafika pachivundikiro. Ndipo ndinene zoona: chimene ndinkadandaula pansi paja si chiuno. Ndinkati kadiso kaona kuti ndasiya.

Kanaonadi.

Ndinangomva chitseko chakumaso chikuti kete, chokha, popanda kiyi. Chitseko chomwe Nesi amati ndi msampha. Atelala analowa akuthamanga, foni kukhutu, ulusi uli m'khosi. "Ndawapeza, ali moyo, akundiyang'ana mwaukali."

Dzulo ndinamufunsa Mawaya kuti anadziwa bwanji. Anakhala m'mphepete mwa bedi, akusewera ndi sikuludiraiva. Anati ankadziwa kuyambira Lachisanu lija. Lamba akazima foni imamuuza, ndiye za waya anaziona tsiku lomwe ndinazula. Ndipo mowawo sunafe ayi. Unali utatsala pang'ono kumaliza kuwira, ukanasiya wokha kugeya. Anati, "Ababa, yisiti samvera nkhani pa wailesi. Sagonanso masana. Ndiye kageyedwe kake, katatu kofulumira, kamodzi kochedwa. Ndinakulira pansi pa benchi lanu, hamala yanu ndingaiiwale?"

Ndinafunsa chifukwa chimene sananene. Anati chidebe chikamageya ankadziwa kuti ndadzuka, ndili bwino. Lachitatu nkhani zitatha sichinayambirenso.

Ndinatembenukira kukhoma. Manyazi, inde. Komanso china. Mwana ameneyu anamva hamala yanga m'chidebe cha mowa, ali kutali.

Lachitatu, 19 Juni

Nesi ali konkuno kuyambira tsiku lomwe ndinagwa. Wabwera ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Chili pakhomo la chipinda changa, chotsegula pakamwa.

Akangana kukhitchini masana onse, motsitsa mawu, ngati ine ndine wogontha. Nesi anati, "Iwe, unaona bambo akuvutika sabata yonse ndi chidebe chako, iwe n'kumaseka?" Pamenepo Nesi sanalakwe. Kenako Mawaya anati, "Achemwali, kwanu akanagwa m'bafa inu muli pantchito, akanakuuzani ndani?" Pamapeto pake Nesi anati chidebe sichinganyamule munthu.

Mowa wawawasa. Mpweya umene ndinkaulowetsa ndi chala, ndi madzi apampopi aja. Mawaya analawa, nkhope inakwinyika ngati chikopa chonyowa. Akuti ndi viniga wabwino, apatsako Atelala. Uchi wonse uja. Sanandidzudzule ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo ndiye zikuwawa.

Sanandifunse maganizo anga mpaka madzulo. Atandifunsa ndinati: nsapato ya anthu ili theka, sindingasiye ntchito ya anthu theka. Nesi anaseka, kenako analira.

Chikwama chikadali pakhomo.

Loweruka, 22 Juni

Nesi wapita dzulo. Chikwama wachisiya pamwamba pa kabati. Akuti n'cholemera kuyenda nacho, chikhalirenicho mulibe kanthu. Ndamva. Mawu ake: "Tiona mwezi wamawa, Ababa." Sanati ndatsala. Sanatinso ndikupita.

Mawaya wabwerera kukamaliza ntchito ija. Asanapite watsuka chidebe, wathiramo madzi okhaokha, wachiika pakhonde pambali pa benchi langa, kachubu ndi kadiso zili pomwepo, kuti ndizidina tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza kuti akanangopanga kabatani. Anati kabatani aliyense angadine, koma kageyedwe aka ndi kanga ndekha. Tsopano chikutumiza ku mafoni awiri, yake ndi ya Nesi. Atelala ali ndi kiyi weniweni, wachitsulo. Soketi ya ketulo yakonzedwa. Kampopi kakuthirirabe khoma.

Ndiye ndakhala pano ndi ndodo yanga, munthu wamkulu, mlonda wa chidebe cha madzi. Odutsa akufunsa kuti ndikugulitsa chiyani. Atelala akuwauza kuti ndikuweta nsomba.

Mwendo ukulemera m'mawa. Dzulo mutu unazunguliranso pang'ono, sindinauze munthu. Ndauza iwe wekha, makina iwe, ndipo usunge pakamwa. Mwezi ndi waufupi. Ndikayang'ana pamwamba pa kabati, chikwama chija chimandiyang'ananso.

Nsapato yatha. Chidendene chaima mowongoka, mwini wake akapendeketse yekha. Ndimati ndiipukute kaye ndi polishi, kenako ndi

Foni yoimbira ikulira m'nyumba. Ameneyo ndi Nesi. Nkhani zatha kalekale, ine ndili pano kulongolola, osadina. Dikira kaye. Katatu, kenako kamodzi.