Ufa Woyera wa Sing'anga wa ku Limbuli

Okondedwa achimwene ku Halale,

Landirani moni. Ine ndili gwa, phiri la Mulanje ndikhoza kulisenza pamutu. Koma amayi malungo awagwiranso.

Kuchipatala cha ku esiteti ya tiyi anawapatsa kwinini. Kenaka kunabwera sing'anga wa ku Limbuli n'kulanda mapiritsi onse, ati mankhwala a azungu amalimbana ndi ake. M'mawa mwake anabweretsa ufa woyera, ati muzu wa kwa Apwitikizi. Ine, dokotala wamkulu wa Sitandade 2, ndinanyambitako. Kuwawa kwake, achimwene, kwinini yemweyo! Ndikumukayikira kuti anasinja theka la mapiritsi aja, theka linalo n'kubisa.

Amayi akuti ndilibe ulemu, ndipo kuchipatala akukana kubwererako. Alembereni ndinu, poti amamvera mwana wovala nsapato. Fulumirani, akunjenjemerabe.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tebulo