Mbale za Agogo Zapita ku Canada

Thamesmead, London
12 Novembala 1995

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno kwazizira, ndipo mdima ukumagwa tisanaweruke kuntchito.

Mbale ndi makapu aja a chithunzi cha Mfumukazi, amene agogo anapatsidwa akuphika kwa Bwanamkubwa, ndagulitsa. Wagula ndi mzungu wa ku Canada wosonkhanitsa zinthu zachifumu. Anazitembenuza ngati akusankha tomato pamsika, n'kundifunsa kuti, "Palibe zina?" Za agogo sanafunse n'komwe. Paja bambo pothawa kumudziko anazikulunga m'malaya awo, ndipo mpaka kumwalira sanamweremo tiyi. Mundikhululukire, sindinayambe ndakufunsani.

Mwana wanga Alinane analira ataona kabati ili pululu. Ndamugulira tikiti ya ndege, afika kwanuko Khirisimasi isanakwane. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, chonde asamamuseke. Pogona amafuna nyali iziyaka.

Ine kuchipatala andiitananso Lachinayi. Adokotala ati ulendo uno ndisapite ndekha. Zinazo tidzakamba.

Kodi kusukulu ya pafupi nanu ija malo angapezeke?

Ndine mwana wanu,
Etta