Kamfuti ka M'chofunda

Kohat,
Lachiwiri

Achimwene Samandar,

Salaamu aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Sharjah kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutani mukakhala pa chiwongolero. Kuno tikudzuka. Amayi shuga watsikako, ngakhale mankhwala amamwa tsiku limene akumbukira. Mlamu wanu Breshna ali bwino. Mwana wathu Spogmai wamaliza buku lachiwiri, ndipo tsopano akuwerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pa thumba la ufa.

Mudabwa kuti bwanji pepala pomwe foni ilipo. Mukudziwa kuti mukaimba, amayi amakhala pomwepo, khutu lili paphewa panga. Zimene ndikufuna kunenazi si zoti amve. Ndapatsira Yar Mat, mwana wa amalume, amene akubwerera kumeneko Loweruka. Muwerenge muli nokha.

Ndachita chopusa, achimwene. Ndagula mfuti.

Musayambe kundikalipira, imvani kaye. Mwezi watha akuba analowa kwa adokotala oyandikana nafe, dzuwa lili paliwombo. Anabwera atatu pa njinga yamoto, anamanga azimayi ndi mipango yawo yomwe, ndipo mtsikana wa pakhomopo anamuzula ndolo mpaka khutu kung'ambika. Ine ndinali kusukulu, ndikuphunzitsa ana kugawa manambala. Nditafika ndinapeza Breshna wadzitsekera m'bafa ndi mwana, atagwira kamunsi kosinjira adyo. Anandifunsa kuti akadakhala kuti alowa kwathu, akadatani nako kamunsiko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye Loweruka linalo ndinakwera basi ya ku Darra, kumsika wa mfuti kuja. Ine ndithu, Rokhan wa choko m'manja, amene paukwati wanu ndinabisala pansi pa bedi amuna akuwombera m'mwamba.

M'basimo ndinali ndi ganizo limodzi lokha: amayi asaione. Chifukwa chake mukuchidziwa. Papita zaka khumi ndi zinayi kuchokera pamene a kwa Mastan anapha bambo athu pa ngalande ya madzi ija. Bambo aang'ono anabwezera, wawo mmodzi anagwa, akuluakulu anaika mwala wa mtendere pakati pa mabanja awiriwa, inu n'kudinda chala ngati mwana wamkulu. Tonse tinapuma kupatula amayi. Mpaka lero amati sikelo sinalingane, chifukwa mwamuna wawo anali munthu pomwe winayo anali chidakwa cha chamba. Akandiona ndikuchonga makope amangopukusa mutu n'kuti anabala mlembi. Ndinadziwa kuti akaona mfuti m'nyumba aganiza kuti Mulungu wayankha mapemphero awo.

Ndinalowa m'sitolo ya Ustad Niaz, wa ndevu zofiira uja amene ankakonza mfuti ya malemu. Anandizindikira ndisanavule nsapato. Anaitanitsa tiyi, n'kuyamba kuyala katundu pa kapeti.

Poyamba anatulutsa yaitali ya mipope iwiri. Akuti, "Aphunzitsi, ya pakhomo ndi iyi. Mumaipachika pakhoma poonekera. Wakuba akasuzumira pageti amangopereka moni n'kubwerera. Kulunjika sikufunikanso, inu tsinzinani n'kukoka basi." Ndinati imeneyo Breshna sangainyamule. Anaseka, akuti mkazi amene amakanda ufa wa anthu anayi tsiku lililonse angathe kunyamula ngakhale ine amene. Mawu a akulu akoma akagonera, achimwene. Ndikadatenga yomweyo.

Kenaka anabweretsa za m'manja. Ina ya ku China, akuti imalira ngati mphezi koma imamenya dzanja. Ina ya ku Turkey, yosalala, yoti wa malipiro a mphunzitsi angoisisita n'kuibweza. Ina yozungulira, ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi, akuti siikakamira ngakhale itagwera m'matope, ndipo ukaphonya zonsezo chotsala ndi pemphero. Panalinso zimene amasula yekha kuseri, ndipo anati ndingotchula dziko limene ndikulikonda andidindira dzina lake pompo.

Ine osamva zonsezo. Ndinafunsa kuti yaing'ono kwambiri ndi iti, yoti ilowe m'chofunda cha paphewa munthu osazindikira kuti wanyamula kanthu.

Bambo wina amene ankapala chitsulo pakona anasiya tupa lake. Ine m'malo moti ndidzidzimuke ndinawonjezera china. Ndinafunsa ngati kangafike munthu ali patali pang'ono, tinene kuchokera padenga mpaka pamsewu. Ndinkanena geti lathu, achimwene, Mulungu ndi mboni.

Ustad anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mashallah. Zaka khumi ndi zinayi si zambiri kwa mwana wa Dilawar Khan." Ine ndinkayesa akunena za nthawi imene tinaonana komaliza, mpaka ndinavomera kuti eetu, masiku sachedwa. Anandikulungira kakuda, kosaposa chikhatho changa, ndipo za zipolopolo anakana kulandira, akuti ndi mphatso ya malemu. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndine munthu wodziwa kugula. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti mfuti ya pakhoma ndi ya nyumba, ya m'chofunda ndi ya munthu amene ukumufuna. Ine ndi masatifiketi anga onse ndinaiwala zimenezo chifukwa choopa amayi.

Nkhani inafika ku Kohat basi yanga isanafike. M'mawa mwake wometa tsitsi anaimirira nditadutsa, dzanja pachifuwa, n'kunditcha Khan. Chibadwire sanandiimirirepo.

Kamfutiko ndinakabisa pamwamba pa kabati, pakati pa mapepala akale a mayeso. Amayi, amene amati mawondo sakuwalola kuwerama popemphera, anakwera pampando tsiku lachitatu. Anaphika mpunga wotsekemera wachikasu uja, wa zoumba ndi maamondi, umene sanaphikeponso chimwalilire bambo, n'kutumiza mbale khomo lililonse mu msewu wathu.

Ndinagwada pamaso pawo n'kuwauza kuti mfutiyo ndi ya akuba. Anati, "Inde mwanangu, akuba. Amene anandibera bambo ako." Ndinalumbira, ndinafuna kugwira Kurani. Anandigwira dzanja, akuti ndisalumbire pachabe, iwo akumvetsa, ndipo sauza munthu. Pamenepo n'kuti mbale zitayamba kale kubwerera zopanda kanthu.

Sabz Ali mukumukumbukira, mwana wa Mastan, amene ndinkakhala naye benchi imodzi kusukulu. Ndi iye wamkulu kwawoko tsopano, ndipo sitolo yake ya nsalu ili panjira yanga ya kuntchito. Zaka zonsezi tinkangogwedezerana mutu, zinali zokwanira. Sabata yomweyo anatseka sitolo. Abale ake awiri abwerako ku Karachi. Ndipo ndamva kuti naye anapita kwa Ustad Niaz yemweyo, n'kugula kofanana ndi kanga.

Lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ndisanatuluke pageti. Ahedi anatumiza uthenga woti ndiyambe ndakhala, makolo akuopa kuti chipolopolo chosochera chipeza mwana. Spogmai nayenso sakupita. Amakhala pazenera n'kumandifunsa kuti tchuthi chimenechi bwanji ndi cha ife tokha. Swala ya Lachisanu ndikupempherera pabwalo la nyumba ngati wodwala. Njinga yamoto ikaima panja, Breshna amasiya chimene wagwira n'kundiyang'ana. Sanandinene ngakhale kamodzi, ndipo ndikadakonda akadandinena.

Mudzati bwanji osangokabweza. Ndinayesa. Ndinatuma Yar Mat kwa Ustad, ndipo anamuuza kuti kakangoonekanso m'sitolo mwake anthu adzati ndikusinthitsa ndi yaikulu. Bambo aang'ono anabwera ndi ndodo yawo, akuti mwamuna akasolola sabweza, ndikabweza dzina la Dilawar lidzakhala choseketsa pamsika ndipo Spogmai sadzafunsiridwa ndi banja la ulemu. Kukaponya m'chitsime n'kosathandiza, chifukwa Sabz Ali sangakhulupirire chimene sanaone. Ndikakhala nako ndine wofuna kupha, ndikakataya ndine wamantha amene akadali wofuna kupha.

Azakhali a Breshna, amene anakwatiwa pafupi ndi kwa Mastan, anabwera Lamlungu ngati odzaona odwala. Ali kukhitchini ananong'oneza kuti mkazi wa Sabz Ali akungolira. Akuti mwamunayo sakudya, ali ndi ana aakazi atatu, ndipo nkhuku yomwe amakaphetsa kwa anansi. Akutinso mayi ake nawo aphika mpunga wotsekemera.

Dzulo kunabwera a Haji Momin, mmodzi yekha wotsala mwa akuluakulu amene anaika mwala uja. Anamvetsera zonse, n'kundifunsa kuti kodi kusukuluko ndimaphunzitsa chiyani ngati zapakhomo pomwe sindizidziwa. Akuti mwala sunachoke koma wagwedezeka. Bwalo likhoza kukhalanso, ine ndi Sabz Ali n'kuika timfuti tathu pansi pamaso pa anthu, aliyense n'kubwerera kwawo ndi ulemu wake. Koma salikhazika popanda amene anadinda chala. Ndinati tikuimbirani foni. Anati chala sichidindidwa pa foni, ndipo amayi anu sangamvere mawu otuluka m'kabokosi, koma mwana wawo woyamba ataima pakhomo.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndikudziwa kuti pasipoti ili m'kabati ya abwana anu, ndipo mukachoka pakati pa chaka galimoto apatsa wina. Zaka zisanu ndi zinayi mwapirira kutentha kumeneko chifukwa cha ife, ndipo ine ndaziika pachiswe ndi funso limodzi lopusa. Ndikuchita manyazi, achimwene.

Koma pali china chimene sindinauze Breshna, kapena a Haji, ndipo n'chimene chandilembetsa kalatayi.

Tsiku la mpunga lija amayi anandigwira mutu ndi manja awiri, n'kundipsompsona pachipumi. Anati, "Mwana wa bambo ake." Inu mawu amenewa munakula mukuwamva. Ine ndinawamva koyamba tsiku limenelo, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndinakondwa, achimwene. Ndinadziwa kuti n'zolakwika, komabe ndinakondwa. Tsopano nyama yabwino amaika m'mbale yanga, ndipo sindiibweza.

Dzulo a Haji atapita ndinakwera padenga kukaanula zovala. Ndinapezeka nditaima pakona, ndikuyang'ana kupyola mzikiti, kumene kumaonekera chitseko chobiriwira cha kwa Sabz Ali. Ndinkawerenga mapazi. Powerengapo ndinali nditafika pakati pa msewu wawo pamene ndinazindikira chimene ndikuchita. Ndinatsika msangamsanga, zovala ndinazisiya komweko.

Poyamba ndinkaopa akuba, kenaka ndinkaopa Sabz Ali. Panopa munthu amene ndikumuopa akugona pa bedi langa ndipo amavala nsapato zanga. Bwerani, achimwene. Musadikire malipiro a mwezi uno, musadikire Eid. Bwerani ndikadali munthu woti ndikhoza kukaika pansi kamfutika.

Mundiperekere moni kwa anzanu a Gul Zaman ndi onse a m'chipinda chanu. Breshna akupereka ulemu, ndipo Spogmai akuti musaiwale mapensulo a mitundu. Mukadzaimba foni musatchule kalatayi, mungowauza amayi kuti mwawasowa. Mulungu akusungeni pamsewu, ndipo afewetse mtima wa abwana anu.

Ine mng'ono wanu,
Rokhan