Akundichotsa pa dimba lomwe ndinalima ndi malemu mkazi wanga

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu. Kwathu ndi ku chilumba cha Chisi, koma ndinakwatira kumtunda kuno kwa Mwambo ndipo ndili pachikamwini. Kale ndinali msodzi. Chaka chija nyanja ya Chilwa inaphwa, bwato langa linatsala pamatope ong'ambika, matemba osaonekanso. Anzanga ambiri analowera ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi. Inenso ndinafuna kupita, koma mkazi wanga Enelesi anandiletsa. Anati, "Bambo a Dunstan, nyanja yauma koma kudambo kwa amayi chinyezi chilipo. Gwirani khasu, ndikuphunzitsani."

Ndinali wosadziwa ngakhale kufesa mbewu ya tomato. Iyeyo ndiye anandionetsa pokumba chitsime, kawokeredwe ka anyezi, ndi kuwaza phulusa pa mpiru kuti tizilombo tisadye. M'mbali tinadzala nthochi ndi nzimbe. Ndiwo zamasambazo ndinkapita nazo panjinga kukagulitsa ku Songani, ana n'kumavala, wamkulu n'kuyamba sukulu. Madzi atabwerera m'nyanja, ine ku ukonde sindinabwererenso.

Miyezi yapitayi kolera anatiyendera. Enelesi anayamba kudwala tikuthirira, pofika mawa lake anali atatisiya. Anyezi amene anawokera ndi manja ake akukhwima tsopano.

Ndiye alamu anga a Bizweki, amene ndi eni mbumba, anandiitana. Anati, "Alamu, tikakusudzulani muzipita kwanu. Dimbali ndi la mbumba yathu, ananso ndi athu. Ngati mukufuna kukhala, tengani Rozi." Roziyo ndi mng'ono wa malemu. Anandipeza kudimba akulira, nati, "Alamu, chonde musavomere. Ndili naye kale wanga, ndipo inuyo ndimakuonani ngati achimwene."

Aphungu, ku Chisi makolo anga anatha, munda ndilibe. Mwana wanga wamng'ono Fanny sadya ndikapanda kukhala naye pafupi. Sabata yatha ndinanola chikwanje kuti ndikagwetse nthochi zonse, pasapezeke wodyera thukuta lathu. Nditafika ndinangokhala pansi pachitsime mpaka dzuwa kutentha. Kodi ndikwatire Rozi kuti ndisasiyane ndi ana anga, kapena ndingonyamuka?

D.W., Mwambo, Zomba.

A D.W.,

Pepani kwambiri ndi maliro. Mwataya mkazi wanzeru, ndipo n'zomveka kuti mtima ukuwawa.

Za Rozi ziiwaleni lero lomwe. Mwanayo wakuuzani poyera kuti sakufuna. Mukamukwatira chifukwa cha dimba, mudzakhala m'nyumba ndi munthu wolira, ndipo ana anu adzataya mayi wamng'ono amene akanawasamala ndi mtima wonse. Kanani mwaulemu, musamutchule kuti ndiye anabwera kudzadandaula.

Ndikuuzeninso zoona zowawa: nthakayo si yanu. Ndi ya kuchikazi, ndipo kukangana ndi a Bizweki sikungasinthe zimenezo. Komatu eni ake enieni a gawo la Enelesi ndi Dunstan ndi azing'ono ake. Pamenepo ndiye poyambira nkhani yanu. Musapite nokha. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, apongozi anu aakazi akhaleponso, popeza dambolo ndi lawo ndipo anakuonani mukulikhetsera thukuta. Pemphani kaye kuti mukolole zonse zili m'dimbamo. Kenako pemphani kuti muzilimabe m'dzina la ana, zokolola zizidyetsa iwowo ndi kuwaphunzitsa. Afunseni alamu anuwo mofatsa kuti inu mukachoka, adzathirira ndani mwezi wa Okutobala, nanga Fanny adzamulera ndani. Kawirikawiri eni mbumba amafewa akaona kukula kwa katundu amene akufuna kusenza.

Pamene mukudikira yankho musakhale manja lende. Pitani kwa amfumu a mudzi woyandikana nawo mukapemphe kamalo kanukanu m'mphepete mwa dambo, pafupi poti ana angafike wapansi. Alangizi a zaulimi a dera lanu angakuthandizeni kuona pomwe madzi ali pafupi. Sungani mbewu ya tomato ndi mpiru, ndipo pemphani ana a nthochi oti mukawokere kumeneko. Luso limene anakusiyirani mkazi wanu palibe amene angakulandeni.

Pezaninso munthu wokamba naye, kaya mkulu wa mpingo kaya mnzanu wakale wa kunyanja. Chisoni chosenza nokha ndicho chimabweretsa maganizo oipa.

Ndikuchenjezeni: m'dimbamo musawonongemo kanthu, ndipo ana musawazembetse kupita nawo ku Chisi. Mukatero mudzawapatsa alamu anu chifukwa chokuthamangitsirani, ndipo ankhoswe adzasowa pokuimirani. Ana amenewa aika kale mayi awo m'manda, asatayenso bambo akadali moyo.

Aphungu.