Nsalu ya Pansi pa Bokosi

Ardara, 9 Seputembala 1838

Okondedwa alamu a Susan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Glasgow. Ife tilipo. Lolemba tinavuula fulakesi, mbewu yathu yopangira bafuta ija, m'dziwe momwe tinamuviika. Wawola bwino, ndipo ulusi wake udzakhala wosalala. Kamwana kathu Rose kayamba kuyenda.

Akazi anga, ang'ono anu a Madge, akutsokomolabe. Asiya kupota ulusi, akuti phazi likulemera popalasa gudumu lopotera. Mpango umene amatsokomolerapo safuna ndiuone.

Dzulo ndinawapeza atatulutsa nsalu ya bafuta ija ya pansi pa bokosi, imene mayi anu anawomba, ija timayala pakagwa maliro. Anali akuiyanika pa udzu kuti iyere. Ndinafunsa kuti, "Iwe Madge, wamwalira ndani?" Anaseka. "Mantha ngati mwana, Condy! Yangoda basi." Koma kenako anandiphunzitsa kapindidwe kake, kawiri konse, mpaka nditadziwa.

Alamu, ine ndimadziwa kuwomba nsalu, izi sindizidziwa. Chonde bwerani, musadikire Khirisimasi. Nsaluyo ndinaichotsa n'kukaibisa m'khola la ng'ombe. M'mawa uno ndaipeza ili pa udzu pomwe paja.

Ndine mlamu wanu,
Condy Boyle