Amayi Azira Pamwamba pa Penti

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Biriwiri tilipo, kungoti bondo la amayi limavutabe kukazizira.

Mtima wanga suli m'malo. Penti woyera amene munatumiza uja tinapakadi nyumba ya amayi, moti odutsa ankachita kucheuka. Loweruka ndinapita ku Lizulu kukagulitsa kachewere. Pobwera ndinapeza amayi atazira khoma lonse lakumaso ndi katondo, m'munsi atalemba mizere ya dothi lakuda lakudambo, monga ankachitira pa nyumba yaudzu ija.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Amayi, mwaipitsa nyumba! Achimwene ndiwauza chiyani?"

Iwo osatekeseka, akusamba m'manja, anati, "Kuyera kuja ndinkangoona ngati andigoneka m'chipatala. Mchimwene wakoyo nyumbayi amaionera pafoni. Ine ndimaiona tsiku lililonse."

Chichokereni tsikulo ndikungoizungulira nyumbayo. Kawiri konse ndatunga madzi kuti nditsuke khomalo, kawiri konse madziwo ndathirira mpiru. Kwa ine ndi yonyansabe, sindikunamizani. Koma dzulo ndinawapeza atakhala pabwalo moyang'ana khoma lawolo akuimba, zomwe sanachitepo chimwalirireni abambo.

Ndiye mundiyankhe msanga ngati mukuvomera kuti khomalo tilisiye momwemo, poti Khirisimasi yayandikira ndipo sindifuna mudzakhumudwe pofika. Paja akuluakulu amati chakonda mnzako mlekere. Pobwera mudzatengeko mankhwala opaka bondo aja, koma penti wina musagule.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati